Kodi matiresi a latex angandithandize pa ululu wa msana ndi phewa?

Nachisale, Liwonde

Ndikupempha nzeru kwa inu nonse amene mukudziwa za nkhaniyi, makamaka amene mwagonerapo matiresi a latex, opangidwa ndi mphira, kwa nthawi yaitali. Ndine mayi wa zaka 49, ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale, ndipo kwa zaka ziwiri tsopano ndakhala ndikudzuka m'chiuno muli gwa, moti ndimayamba ndakhala kaye m'mphepete mwa bedi ndisanaimirire. Ndikayamba kusesa ndi kuyendayenda ululuwo umachepa, ndipo pofika nthawi yolowa m'kalasi umakhala utatheratu. Chimene chanditopetsa kwambiri ndi phewa la kumanja, chifukwa ine ndimagona chammbali, ndipo pakati pa usiku ndimadzidzimuka mkono wonse utachita dzanzi.

Matiresi amene tikugonera ndi a siponji, a mainchesi 6, ndipo tinawagula mu 2016. Mbali imene amagona abambo a kunyumba inachita dzenje, choncho ine ndimangotsetserekera komweko usiku wonse. Apongozi anga anandilangiza kuti ndigone pa mphasa, ati mankhwala a msana ndi pouma, ndipo ndinayesadi kwa masabata awiri. M'chiuno munapepukako pang'ono, koma phewa ndiye linanyanya mpaka ndinkalephera kulemba pa bolodi. Mwana wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg wanena kuti atigulire matiresi a latex n'kuwatumiza, koma mtengo wake ndi waukulu ndipo sindikufuna kuti thukuta lake lipite pachabe. Kodi matiresi amenewa amathandizadi? Nanga tisankhe olimba kapena ofewa, poti amuna anga ndi onenepa kuposa ine ndipo amagona chagada? Komanso ndikuopa kutentha, chifukwa amene mukudziwa Liwonde m'mwezi wa October mukumvetsa chimene ndikunena.

Wa mafizo, Blantyre

Mayi Nachisale, pepani ndi ululuwo. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo, ndipo zimene mwafotokoza pa nkhani ya mphasa zayankha kale mbali yaikulu ya funso lanu. Mutagona pouma chiuno chinapepuka chifukwa chinasiya kulendewera m'dzenje lija, koma phewa linanyanya chifukwa linasowa polowera. Munthu akagona chammbali, mapewa ndi mafupa a m'chiuno ndi amene amayamba kukhudza pogona, pamene pakati pa nthiti ndi chiuno pamakhala mpata. Pogona pakauma kwambiri, kulemera konse kwa thupi la kumtunda kumatsamira pa mfundo ya phewa, ndipo msana umapindika pofuna kutseka mpata uja. Pogona pakafewa kwambiri, chiuno chimamira kuposa thupi lonse ndipo msana umapindikira mbali inayo. Chimene inu mukufuna ndi matiresi amene angalole phewa kulowa, koma n'kuchirikiza chiuno kuti chisamire.

Chikhulupiriro chakuti wodwala msana azigona pouma chili paliponse, ngakhale kwa azungu, ndipo madokotala ambiri ankalangiza zomwezo kale. Mu 2003 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anachitika ku Spain pa anthu 313 amene ankadwala msana wa m'munsi kwa nthawi yaitali. Ena anapatsidwa matiresi olimba kwambiri, ena olimba pakatikati, popanda kuwauza mtundu umene alandira, ndipo patapita masiku 90 amene anagonera olimba pakatikati ndi amene anapezako bwino kwambiri, pa ululu wa pabedi ngakhalenso pa kutha kugwira ntchito zawo. Koma muonetsetse kuti kafukufukuyu ankayeza kulimba kwa matiresi, osati chinthu chimene anapangira. Choncho sindingakulonjezeni kuti dzina loti latex palokha lichiza msana. Ubwino wa latex ndi wakuti amalowa pamene padinikizidwa pokhapo n'kusiya mbali zoyandikana zili chiimire, amabwerera msanga mukatembenuka, ndiponso amachedwa kuchita dzenje poyerekeza ndi siponji wamba. Makhalidwe amenewa ndi oyenera munthu wogona chammbali ngati inu, malinga ngati gawo la pamwamba ndi lofewa mokwanira.

Pali njira yapafupi yoonera zimenezi. Gonani chammbali monga mwa masiku onse, mutavala chovala chopyapyala, ndipo wina akujambuleni ndi foni chakumsana, ataigwira molingana ndi bedi. Mzere wa mafupa a msana, kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, uyenera kuoneka wowongoka. Chitani zimenezi pa matiresi anu akalewo kuti muone pamene pali vuto, ndipo mudzachitenso pa matiresi aliwonse amene mukufuna kugula, mutagonapo mphindi 10 kapena 15, osati kungodina ndi dzanja.

Musaiwale pilo. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine akudandaula phewa ndi dzanzi la mkono amakhala kuti akugonera pilo yophwa, kenaka amalowetsa mkono pansi pa mutu kuti awonjezere msinkhu, ndipo mkonowo umapanikizika usiku wonse. Pilo ya munthu wogona chammbali iyenera kudzaza mpata wonse wa pakati pa khutu ndi matiresi kuti khosi lisapendekeke. Ikaninso pilo ina pakati pa mawondo, ndipo pakadali pano yesani kugonera kumanzere mutakumbatira pilo kuti mkono wa kumanja ukhale ndi potsamira. Zimenezi mungayambe usiku uno popanda kuwononga ndalama.

Mfundo yomaliza ndi imene ndikufuna muisunge kuposa zonse. Ululu umene umakula m'mawa n'kuchepa munthu akayamba kuyenda nthawi zambiri umagwirizana ndi kagonedwe, koma phewa la mphunzitsi amene amakweza mkono pa bolodi tsiku lonse likhoza kukhala ndi vuto lakelake m'minyewa yozungulira mfundoyo. Ngati mukuvutika kumanga duku, kupesa tsitsi kapena kufikitsa dzanja kumsana, pakhoza kukhala vuto la kuuma kwa mfundo ya phewa, limene limakonda kugwira anthu a zaka za pakati pa 40 ndi 60, makamaka amayi ndiponso odwala matenda a shuga. Dzanzi la mkono likhozanso kuchokera pakhosi. Ndipo ngati ululu wa msana ukubwera pamodzi ndi kuwonda, kutentha thupi, kutuluka thukuta kwambiri usiku, kufooka kwa miyendo kapena kulephera kugwira mkodzo, musadikire matiresi ayi, pitani kuchipatala msanga, chifukwa TB ya fupa la msana ilipo m'dziko muno ndipo imayamba mwakachetechete. Inu muli pafupi ndi Zomba Central Hospital, ndipo kuno ku Blantyre a mafizo amapezeka ku Queen Elizabeth ndi ku Kachere.

Mbewe, Johannesburg

Mayi, ine ndagwira ntchito m'sitolo yogulitsa mabedi kuno ku Joni kwa zaka zingapo, choncho ndilankhulapo pa mbali ya kugula, chifukwa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama. Choyamba muuze mwana wanuyo kuti mawu oti latex akalembedwa pa chikwangwani sizitanthauza kuti matiresi onsewo ndi a latex. Ambiri amene amatchedwa choncho amakhala siponji kapena masipuling'i mkati, ndipo latex amangoyalidwa pamwamba, nthawi zina wosapitirira masentimita awiri. Mawu oti orthopaedic, onena kuti matiresi ndi othandiza mafupa ndi msana, nawonso wopanga aliyense amatha kulemba, ndipo kawirikawiri amangotanthauza kuti matiresiwo ndi ouma, zimene a mafizo angokuuzani kuti si zimene phewa lanu likufuna. Afunse wogulitsa kuti amuonetse magawo a mkati limodzilimodzi, chimene gawo lililonse linapangidwira, ndi kukhuthala kwake m'masentimita. Wogulitsa akayamba kuzemba funso limeneli, atuluke.

Chachiwiri, latex alipo wa mitundu itatu. Wachilengedwe amachokera ku utomoni wa mtengo wa mphira wotchedwa Hevea brasiliensis, umene umalimidwa kwambiri ku Thailand, Indonesia, Vietnam ndi Côte d'Ivoire. Wina amapangidwa ku fakitale kuchokera ku mafuta a pansi panthaka, ndipo wachitatu ndi wosakaniza awiriwa. Wachilengedwe ndi amene amadula, koma ndi amenenso amabwerera bwino akadinikizidwa. Chizindikiro cha GOLS chimasonyeza kuti magawo 95 pa 100 aliwonse a zopangira zake, kapena kuposerapo, ndi utomoni wolimidwa motsatira malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala, pamene cha OEKO-TEX Standard 100 chimangosonyeza kuti anayeza n'kupeza kuti mulibe mankhwala ovulaza thupi, ndipo sichinena kuti latex ndi wachilengedwe. Anthu amasokoneza ziwirizi kawirikawiri.

Chachitatu ndi kapangidwe, ndipo apa m'pamene pali yankho la vuto la phewa lanu. Njira ya Dunlop inayamba ku Birmingham mu 1929: utomoni amaupuntha mpaka uchite thovu, amauthira m'chikombole, n'kuuphika ndi nthunzi, kenaka amautsuka ndi kuuumitsa. Latex wa Dunlop amakhala wothinana, wolemera, ndipo amachirikiza bwino munthu wonenepa. Njira ya Talalay inabwera pambuyo pake: thovulo amalithira pang'ono chabe m'chikombole chotsekedwa, amachotsamo mpweya wonse kuti lifufume n'kudzaza, amaliziziritsa mpaka liundane, ndipo kenaka amaliphika. Latex wotere amatuluka wopepuka, wofewa mofanana paliponse, koma ndi wodula. Kwa banja ngati lanu ine ndingasankhe gawo la pansi la Dunlop lolimba pakatikati, la masentimita 15, ndi gawo la pamwamba lofewa la masentimita 5 mpaka 7, kaya la Talalay kapena la Dunlop lofewa. Gawo la pansilo ndi limene lidzagwira chiuno cha abambo, ndipo la pamwambalo ndi limene lidzalandira phewa lanu. Pali opanga ena amene amaika magawowa m'chikuto cha zipi, ndipo ena amagawa pakati kuti mbali ya mwamuna ndi ya mkazi zisiyane kulimba. Amenewa ndi abwino kwambiri kwa munthu wogula ali kutali, chifukwa mukalakwitsa mumangosintha gawo limodzi.

Pofuna kudziwa ngati ndi latex weniweni, sikelo sinama. Latex amalemera pakati pa makilogalamu 60 ndi 95 pa kiyubiki mita, pamene siponji wamba nthawi zambiri siifika ngakhale theka la pamenepo. Matiresi a anthu awiri (double) a kuno ndi masentimita 137 m'lifupi ndi 188 m'litali, ndipo akakhala a latex yekhayekha wokhuthala masentimita 20 amalemera pafupifupi makilogalamu 40. Ngati mwana wanu angawanyamule ndi dzanja limodzi, adziwe kuti si amenewo.

Pa nkhani ya kutentha, musasokoneze latex ndi memory foam, umene ndi mtundu wina wa siponji. Memory foam imafewa ndi kutentha kwa thupi, munthu amamira m'katimo, ndipo kumadera otentha ngati kwanuko imavutitsa. Latex sadalira kutentha kuti afewe, ndipo amakhala ndi timabowo tambirimbiri tochokera ku zitsulo za m'chikombole, choncho mpweya umayendako bwino. Sindikunena kuti adzazizira ngati mphasa, koma ndi chikuto cha thonje amapiririka. Chokhacho, mudzachotse pulasitiki imene amakutira pogulitsa. Ndikudziwa kuti kwathu ambiri timaisiya poopa kudetsa matiresi, koma pulasitikiyo ndi imene imasunga thukuta ndi kutentha.

Vuto limodzi limene sindingalibise ndi lakuti masitolo ena kuno amalola munthu kuyesa matiresi kwa masiku 100 n'kubweza ngati sakumuyanja, koma mwayi umenewu ulibe ntchito katundu akadutsa pa Mwanza, chifukwa ndalama zowabwezera ku Joni zikhoza kuyandikira mtengo wa matiresi ena. Muwerengerenso ndalama zonyamulira ndi msonkho wa pa chipata musanagwirizane.

Kalipentala wa ku Chintheche

Ine kwathu ndi kufupi ndi minda ya mphira ya Vizara ku Nkhata Bay, ndipo ndinakula ndikuona anthu akucheka makungwa a mitengo m'mamawa, utomoni woyera ngati mkaka n'kumadontherera m'tizikho, komanso ana akugulitsa mipira ya mphira m'mbali mwa msewu wa M5. Aliyense amene anasewerapo mpira umenewu akudziwa chimene chimachitika ukakhalitsa padzuwa: umayamba kunata, kenaka umauma n'kung'aluka. Ndikunena zimenezi chifukwa ine ndemwe ndinaiwala phunziro limeneli, ndipo ndinawononga chinthu chamtengo wapatali.

Mlamu wanga anandisiyira matiresi a latex pamene ankasamuka, ndipo ndinagonera bwino kwambiri zaka zitatu, moti msana umene umandivuta chifukwa chowerama popala matabwa unkadzuka wopepuka. Tsiku lina mdzukulu anakodzerapo, ndipo monga mwa chizolowezi chathu tinavula chikuto n'kuwayanika padzuwa masiku awiri athunthu. Pambuyo pake tinachitanso chimodzimodzi kangapo poopa nsikidzi. Pasanathe chaka pamwamba pake panasanduka pachikasu, panauma, ndipo panayamba kunyenyeka ngati buledi wogona. Mayi Nachisale, matiresi amenewa sayanikidwa padzuwa ali osavala. Akanyowa muwapukute ndi nsalu ya madzi ndi sopo pang'ono, muwaimike pamthunzi pamene pakupita mphepo, ndipo chikuto chokha ndi chimene chipite padzuwa. Musawayandikizenso ku mbaula kapena kusitirapo zovala.

Mbali ina ndi ya ntchito yanga. Latex ndi wolemera ndipo amapindika mosavuta, choncho amatsatira chilichonse chimene chili pansi pake. Mabedi ambiri amene timakhoma kuno amakhala ndi matabwa opingasa 6 kapena 7 okha, otalikirana kwambiri, ndipo pa bedi lotero matiresi amalowa m'mipata, msana n'kuyambiranso kupweteka, munthu n'kumanena kuti anagula zabodza. Mipata ya pakati pa matabwa isapitirire masentimita 7, ndipo bedi la anthu awiri likhale ndi mtanda pakati wokhala ndi mwendo wakewake wofika pansi. Osatseka pansi ponse ndi pulayiwudi yopanda mabowo, komanso osayala matiresiwo pa simenti, chifukwa nyengo ya mvula chinyezi chimasowa kotulukira ndipo kunsi kwake kumachita chuku. Muitane kalipentala aone bedi lanu matiresi asanafike. N'kutheka kuti ngakhale dzenje limene mukulinenalo mbali ina likuchokera ku thabwa lopindika.

Nabanda, Area 25

Ine ndikusiyanako pang'ono ndi bambo Mbewe, osati pa zimene afotokoza, koma pa kukula kwa ndalama zimene mwana akuyenera kutaya pa chinthu chimene mayi ake sanagonepo ngakhale mphindi imodzi. Ine ndili ndi vuto la phewa lofanana ndi lanu, ndipo chimene ndinachita n'chakuti ndinagula matiresi atsopano a siponji yolimba, imene ogulitsa amati high density, konkuno ku Lilongwe, nditagonapo ndekha m'sitolo, kenaka mng'ono wanga ananditumizira kamatiresi kopyapyala ka latex ka masentimita 5, kamene amati topper, koyala pamwamba. Kameneka kamakulungika, sikalemera kwambiri, ndipo kanabwera pa basi ngati katundu wamba. Phewa langa linapeza polowera ndipo ndalama zinatsalako. Koma ndikuchenjezeni kuti kamatiresi kameneka musakayale pa matiresi anu a 2016, chifukwa kadzangotsatira dzenje lomwelo. Komanso ngati khungu lanu kapena la abambo limatupa kapena kuyabwa mukakhudza magolovesi a mphira kapena mabaluni, mufunse kaye dokotala musanalowetse latex wachilengedwe m'nyumba.

Nachisale, Liwonde

Zikomo kwambiri nonse, mwandithandiza koposa mmene ndinkayembekezera. Ndachedwa kuyankha chifukwa ndinafuna ndiyambe ndachita zimene munandiuza. Mwana wanga wamkazi anandijambula monga ananenera a mafizo, ndipo chithunzicho chinandidabwitsa, chifukwa chiuno chinali chotsika, phewa lili m'mwamba, mutu utapendekera pansi pa pilo imene ine ndinkaiona ngati yabwinobwino. Ndinasintha pilo ndipo ndinayamba kuika ina pakati pa mawondo. Dzanzi la mkono lachepa kwambiri m'masiku 10 amenewa, ngakhale kuti m'chiuno mukadali gwa m'mawa. Ndinapitanso kuchipatala kumene anandiyeza shuga n'kupeza kuti ali bwino, ndipo anandionetsa mafizo a phewa oti ndizichita kawiri pa tsiku.

Bambo a ku Chintheche, munalasa. Titanyamula matiresi tinapeza kuti bedi lili ndi matabwa 6 okha, ndipo awiri a pakati anapindika. Kalipentala wabwera kale kudzayeza. Titakambirana ndi abambo a kunyumba taona kuti njira ya mayi Nabanda ndi imene ikutiyenera, chifukwa matiresi a pansiwo tidzayesa tokha tonse awiri ku Blantyre. Funso langa lotsala likupita kwa bambo Mbewe: kodi mwana wanga akafika m'sitolo anene chiyani kwenikweni kuti asapatsidwe china, ndipo atenge ka masentimita 5 kapena kokhuthala kuposa pamenepo?

Mbewe, Johannesburg

Mayi, maganizo amenewo ndi abwino, ndipo ine ndilibe nawo vuto. Muyambe mwagula matiresi a pansiwo, kenaka muyeze m'litali ndi m'lifupi ndi tepi m'masentimita n'kumutumizira mwana manambalawo, chifukwa miyeso ya mabedi okhomedwa ndi akalipentala kwathu siifanana nthawi zonse ndi ya kuno. M'sitolo anene kuti akufuna topper ya latex wachilengedwe yekhayekha, yofewa kapena yapakati pa kufewa ndi kulimba, ndipo atsegule zipi aone yekha timabowo tija, adine ndi chikhatho n'kuona ngati ikubwerera nthawi yomweyo. Ikachedwa kubwerera n'kusiya chidindo cha dzanja, imeneyo ndi memory foam. Pa kukhuthala, popeza vuto lanu lalikulu ndi phewa ndipo matiresi a pansi adzakhala olimba, ine ndingatenge ya masentimita 7, koma osapitirira pamenepo, kuopa kuti chiuno cha abambo chingayambenso kumira. Potumiza aikulunge ngati mkeka, osaipinda pakati kapena kuimanga ndi chingwe chopyapyala chimene chingaicheke, ndipo aikute ndi pulasitiki yakuda yokhuthala chifukwa katundu wa pa basi amatha kukhala padzuwa nthawi yaitali pa Beitbridge. Ikafika muiyale m'chipinda chotsegula mawindo kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti fungo la mphira lichepe, ndipo mupatse thupi masabata awiri kapena atatu lizolowere musanaweruze. Mukadzayamba kugonera mudzajambulitsenso chithunzi chija, chifukwa phewa likayamba kulowa pilo imene mwasintha panoyi ikhoza kudzakhala yaitali kwambiri.